Jekeseni yachitatu: yomweyo kapena ina?

Pa 11 Malichi 2021, tsiku lomwe Pulezidenti wa nthawiyo Lazarus Chakwera anabayitsa katemera wa Covid-19 ku Zomba, wachiwiri wake, malemu Saulos Chilima, anabayitsira wake kuno ku Mzuzu. Katemera anali wa mtundu umodzi wokha m'dziko lonse, wa AstraZeneca wopangidwa ndi kampani ya Serum Institute ku India, yemwe madozi ake 360,000 anatsika pa bwalo la ndege la Kamuzu pa 5 Malichi kudzera mu thandizo la COVAX. Zosankha kunalibe. Wofuna ankaima pamzere, kubayidwa pamkono, n'kulandira khadi lolembedwa tsiku lodzabwerera. Wosafuna ankakhala pakhomo n'kumamvera mauthenga a pa WhatsApp a 666 ndi a kuuma kwa mabereko.

Tsiku la pa khadi litakwana, ambiri anakapeza katemera kulibe. Dziko la India, litapanikizika ndi maliro kwawo, linaimitsa zotumiza katemera kunja, ndipo pofika mu Juni zipatala zathu zinali zitauma. Ndi mwezi womwe ku Mzuzu kumazizira mpaka m'mafupa, ndipo ndi pomwe kachilombo ka mtundu wa Delta kanayamba kugwetsa anthu. Madozi 192,000 ochokera ku France anafika pa 24 Julayi, koma sanachedwe kutha. Mu Ogasiti dziko la America linatumiza madozi 302,400 a Johnson & Johnson, wobaya kamodzi uja, yemwe anthu anamukonda poti sankafuna ulendo wachiwiri. Pambuyo pake kunabwera Pfizer, yemwe anatsegulira mwayi ana a zaka 12 mpaka 17. Ndiye pamene nkhani ya katemera wowonjezera chitetezo, wa busita uja, inkafika m'zipatala mu 2022, makhadi a anthu a mumzinda muno anali ndi mayina osiyanasiyana kale.

Kuwonjezera apo, Mzuzu ndi mzinda wa anthu apaulendo. Anyamata a ku Mzimba ogwira ntchito ku Joni ankabwera pa Khirisimasi ndi makhadi a Pfizer kapena a Johnson & Johnson, poti ndi omwe ankabaya ku South Africa. Abale athu a ku Zimbabwe ambiri anabayidwa Sinopharm kapena Sinovac wa ku China. Amalonda a mumsika wa Taifa, omwe amaoloka pa Songwe kukapikula katundu ku Kyela, Mbeya ndi Dar es Salaam, chomwe ankafuna ndi chikalata choti asavutike pachipata, ndipo dzina la katemera analibe nalo ntchito mpaka tsiku lomwe anauzidwa za jekeseni ina. Onsewa akafika pa Mapale, pa St John's kapena pa chipatala chachikulu ku Luwinga, funso linali limodzi: popeza ndinayamba ndi uyu, ndipitirize ndi yemweyo kapena ndilandire amene muli naye?

Ophunzira amafulumira kuliseka funso limeneli, koma ine sindiona choseketsa. Ndi chipatala chomwechi chomwe chatiphunzitsa zaka zonsezi kuti mankhwala sasakaniza. Wa TB amauzidwa kuti amalize omwe wapatsidwa. Wa ma ARV amauzidwa kuti asabwereke a mnzake, asaphatikize ndi azitsamba, asasinthe dokotala asananene. Ndiye agogo a ku Chibavi akafunsa kuti, "Anesi, awiriwa sakamenyana m'magazi mwangamu?" akungobweza phunziro lomwe analandirira pa benchi yomweyo. Kuwayankha kuti "agogo, ndi amene alipo basi" n'kuwathamangitsa mwaulemu. Adzavomera ndi mutu, n'kunena kuti abwera mawa, osabweranso.

Yankho loona lilipo, ndipo silovuta kwenikweni. Katemera sakhala m'magazi miyezi n'kumadikira mnzake. Zomwe amabaya zija thupi limazimaliza pakapita masiku kapena milungu yochepa, ndipo chotsala ndi kukumbukira kwa thupi. Atatu onse omwe tinalandira kuno amaphunzitsa thupi chinthu chimodzi, ndicho kuzindikira timinga ta pakhungu la kachilombo ka korona, tomwe kamagwirira maselo athu pofuna kulowa. Amasiyana pa katumizidwe ka phunzirolo. Zili ngati mwini golosale wotumiza chithunzi cha mbava kwa alonda ake. AstraZeneca amapatsira chithunzicho kachilombo ka chimfine cha anyani a chimpanzi, komwe anakafoola kuti kasaswane mwa munthu. Johnson & Johnson amapatsira kachilombo kena ka banja lomwelo kotchedwa Ad26. Pfizer amachikulunga m'kadontho ka mafuta, popanda kachilombo kalikonse. Chithunzi n'chimodzi, osiyana ndi amithenga. Tsono mthenga wa kachilombo ali ndi vuto lake: alonda amamuloweza nkhope nayenso, moti akabwera kachiwiri kapena kachitatu ena amamugwirira pageti asanapereke zomwe watenga. Ichi n'chimodzi mwa zifukwa zomwe asayansi ankaganizira kuti kusintha mthenga kungapindule. A ku Russia anachitiratu dala pa katemera wawo wa Sputnik V, kuika Ad26 mu jekeseni yoyamba ndi Ad5 mu yachiwiri.

Ku Ulaya kusakaniza kunayamba ndi mantha. Mu Malichi ndi Epulo 2021 kunapezeka anthu ochepa kwambiri omwe magazi awo anaundana modabwitsa atabayidwa AstraZeneca, ambiri mwa iwo osafika zaka 60. Dziko la Germany linalangiza kuti osafika zaka zimenezo omwe anayamba ndi AstraZeneca amalize ndi Pfizer kapena Moderna. Mtsogoleri wawo wa nthawiyo Angela Merkel nayenso anabayitsa AstraZeneca mu Epulo n'kudzamaliza ndi Moderna mu Juni. Pa nthawi yomweyo a pa yunivesite ya Oxford, motsogozedwa ndi Matthew Snape, ankachita kafukufuku wotchedwa Com-COV pa anthu a zaka 50 kupita m'mwamba. Ankayeza ma-antibody, tizida ta m'magazi tomwe timakakamira pa timinga tija kuti kachilombo kalephere kulowa. Anapeza kuti woyamba ndi AstraZeneca n'kumaliza ndi Pfizer anali ndi ma-antibody ochuluka pafupifupi ka 9 kuposa wobayitsa AstraZeneca kawiri.

Chomwe ambiri amadumpha pofotokoza kafukufuku ameneyu ndi mbali yake yachiwiri. Woyamba ndi Pfizer n'kumaliza ndi AstraZeneca, yemwenso wasakaniza, anali ndi ma-antibody pafupifupi theka la wobayitsa Pfizer kawiri. Apa mpamene ndimasiyana ndi omwe amalalikira kusakaniza ngati kuti mwa iko kokha muli mphamvu. Chomwe chimakweza manambala kwambiri ndi katemera wa mtundu wa Pfizer kapena Moderna akabwera pambuyo. Kwa mnyamata wochokera ku Joni ndi Pfizer wake uja, kubayitsa yemweyo sikunali kuluza kanthu.

Pa za busita yeniyeni, manambala omwe anazungulira dziko lonse anachokera ku America mu Okutobala 2021, pa kafukufuku wa bungwe la NIH wa anthu 458. Mwa omwe anayamba ndi Johnson & Johnson, obwereza yemweyo ma-antibody awo anakwera ka 4, obayidwa Pfizer ka 35, obayidwa Moderna ka 76. Mwezi womwewo boma la America linaloleza anthu kusankha busita ya mtundu uliwonse. Ku Britain kafukufuku wa COV-BOOST, wa anthu pafupifupi 2,900, anayesa akatemera 7 ngati jekeseni yachitatu, ndipo zotsatira zomwe zinatuluka mu Disembala zinaloza komweko: pafupifupi onse ankakweza chitetezo, koma Pfizer ndi Moderna ankaposa. Ku Chile ndi ku Brazil, komwe ambiri anayamba ndi Sinovac ngati abale athu a ku Bulawayo ndi Harare, anaona kuti kuwonjezera AstraZeneca kapena Pfizer kunkathandiza kuposa Sinovac wachitatu. Pa 16 Disembala 2021 bungwe la WHO linatulutsa malangizo oti, ngakhale kubaya wa mtundu umodzi ndiyo njira yozolowereka, mayiko atha kusakaniza molingana ndi zomwe ali nazo.

Munthu akamva 76 ndi 4 amangoti nkhani yatha. Koma anthu 458 ogawidwa m'magulu 9 ndi anthu pafupifupi 50 pa gulu, ndipo magazi awo anayezedwa patangopita milungu iwiri kapena inayi. Moderna yemwe anawabaya anali wa muyezo wathunthu, pomwe busita yomwe inadzalolezedwa inali ya theka. Chachikulu kuposa zonsezi n'chakuti ma-antibody si chitetezo chonse cha munthu. Amathandiza kuti kachilombo kasakugwire, koma amatsika pakapita miyezi, ndipo kachilombo kakasintha maonekedwe amakaphonya. Omwe amaletsa kuti munthu afike pa okosijeni ndi asilikali ena a m'thupi, maselo a T, omwe amasaka ndi kupha maselo ogwidwa kale. Amenewa ndi ovuta kuwayeza ndipo satchulidwa pa wailesi, koma akatemera a AstraZeneca ndi Johnson & Johnson amawadzutsa bwino ndithu.

Umboni wamphamvu wa mbali imeneyi unachokera kwa anansi athu. Ku South Africa, pulogalamu ya Sisonke yotsogozedwa ndi Glenda Gray inabaya Johnson & Johnson ogwira ntchito zachipatala pafupifupi 500,000 kumayambiriro kwa 2021. Mu Novembala anayamba kuwabaya wachiwiri wa mtundu womwewo, ndipo mwezi womwewo kachilombo ka Omicron kanadziwika ku Botswana ndi ku South Africa. Apa sankawerenga za m'botolo la magazi ayi, ankawerenga anthu ogonekedwa m'chipatala. Anapeza kuti patapita mwezi umodzi kapena iwiri, jekeseni yachiwiri ya Johnson & Johnson inkachepetsa kugonekedwa ndi oposa 70 pa 100 alionse. Katemera yemwe uja wa "ka 4" anagwira ntchito yomwe mayi wa ana amafuna, yoti mwamuna wake asakagone ku wodi. Ndipo anthu ake anali a kuno ku Africa, ena okhala ndi HIV, odwala shuga ndi BP ngati ife, osati azungu a ku Oxford. Kwa munthu wa ku Mchengautuwa amene anabayitsa Johnson mu Ogasiti 2021, umboni umenewu unali wapafupi kuposa wina uliwonse.

Wofuna yemweyo ali ndi mfundo zinanso zomveka. Thupi lake akulidziwa kale momwe linachitira. Ngati anangomva kulemera mkono tsiku limodzi basi, n'chifukwa chiyani akayambe zachilendo? Com-COV yemwe uja anapeza kuti mwa omaliza ndi Pfizer atayamba ndi AstraZeneca, 34 pa 100 alionse anamva kutentha thupi, pomwe mwa obayitsa AstraZeneca kawiri anali 10 okha. Palibe anagonekedwa, ndipo zambiri zinkatha pasanathe masiku awiri. Walira mvula walira matope, inde, koma matopewo saponda mofanana. Wa muofesi ku Katoto atha kupempha tsiku lopuma. Wakabaza wa pa Zigwagwa akagona masiku awiri ndi mutu ndi kuphwanya m'thupi, ndiye kuti pakhomo pagona njala masiku awiri, mwini njinga naye akudikira zake. Munthu wotere akamazengereza, si umbuli.

Za mavuto aakulu osowa aja, mbali iliyonse ili ndi lake. Kuundana magazi kwa AstraZeneca kunkaoneka makamaka pa jekeseni yoyamba, ndipo amene anadutsa yoyambayo bwinobwino chiopsezo chake pa yachiwiri chinali chochepa kwambiri. Johnson & Johnson analinso ndi vuto lomwelo, n'chifukwa chake America mu Disembala 2021 inalangiza anthu ake kutsogoza Pfizer ndi Moderna. Koma awiriwanso ali ndi lawo, kutupa kwa mnofu wa mtima, komwe kumaoneka mwa apo ndi apo makamaka kwa anyamata ndi abambo achichepere, ngakhale ambiri amachira msanga. Wophunzira wa zaka 20 wa pa Mzuni ndi mphunzitsi wopuma wa zaka 68 wodwala shuga sali pa muyezo umodzi. Kwa mphunzitsiyo, matenda enieniwo ndi oopsa kutalitali kuposa chilichonse cha mu jekeseni. Kwa wophunzirayo phindu la busita ndi laling'ono, moti ngakhale vuto losowa limayenera kuwerengedwa.

Ndikaika zonsezi pamodzi, maganizo anga ndi awa. Kwa amene anayamba ndi AstraZeneca, Johnson & Johnson kapena wa ku China, Pfizer akakhalapo ndiye woyenera kutsogoza. Kwa amene anayamba ndi Pfizer, yemweyo ali bwino. Koma kusiyana kwa njira ziwirizi pa nkhani ya kupulumuka imfa n'kochepa tikayerekeza ndi kusiyana kwa wobayitsa ndi wosabayitsa, makamaka kwa okalamba ndi odwaladwala. Mkangano wa "uyu kapena uyo" unabadwira m'mayiko momwe munthu ankasankha katemera pa foni n'kupita pa famase ya pakona. Kuno wosankha weniweni inali firiji ya pachipatala.

Amene anaimapo pamzere akudziwa momwe zinkakhalira. Kabotolo ka AstraZeneca kankakhala ndi madozi 10, ka Pfizer 6, ka Johnson & Johnson 5, ndipo kakatsegulidwa kankayenera kutha pasanathe maola 6, apo ayi otsalawo n'kutaya. Ndiye mlangizi wa zaumoyo ankayang'ana pa benchi, kuwerenga mitu, n'kunena kuti, "Tadikirani pang'ono bambo, mukwane kaye." Anthu anayi ofuna mtundu umodzi ndi atatu ofuna wina ndiye kuti mabotolo awiri otsegulidwa ndi madozi otayika, kapena onse asanu ndi awiri kubwerera osabayidwa. Pfizer ali ndi zakenso. Kuti akhale nthawi yaitali amafuna kuzizira kwa pakati pa madigiri 60 ndi 90 pansi pa ziro, ndipo wa nthawi imeneyo akalowa mufiriji wamba ankangokhala mwezi umodzi. Chaka cha busitacho ndi chomwe namondwe wa Ana anagumula damu la Kapichira mu Januwale 2022 n'kuchotsa mamegawati pafupifupi 130, magetsi n'kumathima maola ambirimbiri pa tsiku. Katemera wopirira firiji wamba anali ndi ubwino womwe sulembedwa mu kafukufuku wa ma-antibody, makamaka ukangotuluka mutauni kulowera ku Ekwendeni, Mpherembe kapena kutsikira ku Usisya.

Tsono taganizirani mayi wa zaka 60 wa BP amene wakwera kabaza kuchokera ku Zolozolo, n'kupeza kuti mtundu wa pa khadi lake kulibe. Akabwerera kuti akadikire, walipira ulendo wachabe, ndipo palibe angamuuze tsiku lomwe mtunduwo udzafike, poti ngakhale a ku likulu ankadikira zomwe opereka thandizo atumize. Wina naye, amene anamva pa wailesi zakunja kuti Moderna ndiye mapeto, ankakana Johnson yemwe ali pamaso pake n'kumadikira katemera woti mwina sadzamuona. Mapanga awiri avumbwitsa. Onse awiriwa, wokakamira yemweyo ndi wokakamira wosiyana, ankatulukira pa khomo limodzi opanda busita.

Komabe sindingawaimbe mlandu anthu ndisanatchule zomwe zinaononga chikhulupiriro chawo. Pa 19 Meyi 2021 nduna ya zaumoyo ya nthawiyo Khumbize Kandodo Chiponda inatsogolera kutentha madozi 19,610 a AstraZeneca pa chipatala cha Kamuzu Central ku Lilongwe. Anali mbali ya madozi 102,000 ochokera ku African Union omwe anafika kumapeto kwa Malichi atatsala ndi milungu yosakwana itatu kuti athe mphamvu. Cholinga chotenthera poyera chinali chabwino, kuonetsa kuti boma silibaya anthu zoonongeka. Koma m'maminibasi phunziro lomwe anthu anatolapo linali lina, lakuti kuno amatitumizira zotsala. Miyezi yomweyo nkhani ya K6.2 biliyoni ya Covid-19 yosaoneka bwino mutu wake inali pakamwa pa aliyense. Ndiye munthu akauzidwa chaka chatha kuti "mudzabwere mudzalandire yemweyu", chaka chino n'kuuzidwa kuti "wina aliyense ali bwino", amaona ngati sayansi yasintha kuti igwirizane ndi zomwe zatsala m'nkhokwe. Zoona zake n'zakuti umboni unabwera pakati pa mauthenga awiriwo. Koma ntchito yofotokoza zimenezi m'Chitumbuka ndi m'Chichewa chomveka, pa sikelo, kutchalitchi ndi pamaliro, inachepa kwambiri poyerekeza ndi ntchito yolengeza manambala a odwala madzulo alionse.

Chikhalirecho chitsanzo chinali m'manja mwathu. Mayi aliyense wopita ndi mwana ku sikelo amadziwa kuti katemera wa poliyo ndi wa mitundu iwiri: madontho a m'kamwa, ndi jekeseni ya pantchafu mwana akakwana masabata 14. Wa madonthoyo ndi kachilombo kamoyo kofooketsedwa, wa jekeseniyo ndi kakufa, ndipo amaperekedwa onse dala chifukwa wina amateteza bwino m'matumbo, wina m'magazi. Poliyo atapezeka mwa mwana ku Lilongwe mu Febuluwale 2022, alangizi anayenda khomo ndi khomo kudonthezera ana omwe anali atalandira kale mitundu iwiriyo, ndipo amayi ambiri anatulutsa ana awo osafunsa dzina la kampani. Palibe amadziwa amene anapanga katemera wa chikuku yemwe mwana wake analandira pa miyezi 9, kapena ngati ndi yemweyo anapanga wa pa miyezi 15. Covid-19 yekha ndiye anatiphunzitsa kutchula akatemera mayina ngati matimu a mpira, ena a AstraZeneca, ena a Johnson.

Palinso kusakaniza kwina komwe kunachitika popanda wotifunsa. Ofufuza a ku Malawi-Liverpool-Wellcome Trust anayeza magazi omwe anthu anapereka ku Malawi Blood Transfusion Service ku Blantyre, Lilongwe, Balaka ndi kuno ku Mzuzu. Anapeza kuti pofika mu Meyi 2021, pafupifupi awiri mwa atatu alionse anali ndi zizindikiro zoti anakumana kale ndi kachilomboka, pa nthawi yomwe obayitsa anali ochepa zedi. Opereka magazi ambiri ndi achinyamata a m'tauni, choncho sangaimire dziko lonse, koma Delta ndi Omicron anali asanadutse n'komwe. Kunena kwina, ambiri mwa omwe ankafunsa za busita mu 2022 matupi awo anali ataona kale mbava yeniyeniyo kamodzi kapena kawiri, mwina ngati chimfine chamba cha mu Julayi. Kafukufuku wa m'mayiko ambiri anaonetsa kuti wodwalapo n'kubayitsanso amakhala ndi chitetezo champhamvu ndi chokhalitsa kuposa wa chimodzi chokha. Izi zimachepetsanso kulemera kwa funso la mtundu. Sizikutanthauza kuti kudwala kunali njira yabwino, poti anthu oposa 2,600 omwe analembedwa kuti anamwalira ndi Covid-19 m'dziko muno, kuphatikizapo nduna ziwiri, Sidik Mia ndi Lingson Belekanyama, omwe anatisiya tsiku limodzi pa 12 Januwale 2021, anadutsa njira yomweyo.

Lero nkhaniyi inasanduka. Kolera ya 2022 ndi 2023, yomwe inavuta kwambiri ku Nkhata Bay, Rumphi ndi Karonga isanafalikire dziko lonse n'kupha anthu oposa 1,700, inalanda maso a aliyense. Pa 5 Meyi 2023 WHO inalengeza kuti Covid-19 salinso ngozi ya dziko lonse. Chilolezo cha Johnson & Johnson ku America chinachotsedwa mu Juni 2023 kampaniyo itapempha yokha, ndipo mu Meyi 2024 AstraZeneca inasiya kugulitsa katemera wake, ponena kuti msika wadzaza ndi atsopano. Ndiye kwa anthu ambiri a ku Mzuzu, omwe makhadi awo ali ndi mayina awiri amenewa, "yemweyo" anachoka pa msika. Amene adzabayitsenso adzasakaniza, afune asafune. Funso lomwe latsala ndi loti katemerayo anapangidwira kachilombo ka liti, poti kuyambira 2022 opanga akhala akumusintha kutsata zidzukulu za Omicron, ndipo kusiyana kwa wakale ndi watsopano n'kofunika kuposa dzina la kampani.

Sikuti aliyense akufunikira jekeseni ina. Malangizo a WHO a mu Malichi 2023 anaika patsogolo okalamba, odwala matenda ngati shuga ndi a mtima, omwe chitetezo chawo n'chofooka kuphatikizapo ena okhala ndi HIV, amayi oyembekezera, ndi ogwira ntchito zachipatala. Kwa wachinyamata wathanzi amene anabayitsa kale n'kulandira busita imodzi, sanalimbikitse zobwerezabwereza. Ndipo pali anthu ochepa omwe lamulo la "landirani amene alipo" siliwakhudza: amene anatupa nkhope kapena kubanika atangobayidwa, amene magazi anaundana pambuyo pa AstraZeneca kapena Johnson & Johnson, ndi amene anamva kupweteka pachifuwa n'kupezeka ndi kutupa kwa mtima pambuyo pa Pfizer. Amenewa ayenera kukhala pansi ndi dokotala asanapinde mkono wa malaya, ndipo dokotalayo adzafuna kudziwa dzina la katemera ndi tsiku lomwe anabayidwa. Makhadi ambiri a 2021 ananyowa, anang'ambika, ena anatsala ku Joni. Amene lake likadalipo alimate m'kabuku ka kuchipatala, kapena alijambule pa foni.